Vinyo wa m'golosale: kodi ndingamusunge zaka khumi?

Mayi wina wafunsa kuti: "Miyezi isanu yapitayo ndinapeza vinyo wofiira atatsitsidwa mtengo m'golosale, ndiye ndinagula mabotolo asanu ndi limodzi n'kuwaika pamwamba pa firiji kukhitchini. Loyamba linali bwino. Lachiwiri tinamwa theka, ndipo patatha sabata wotsalayo anali atasasa. Lachitatu tatsegula dzana, koma likumveka ngati jamu wopserera. Mwa atatu otsalawo, awiri ndimafuna ndisungire mwana wanga wa zaka 11 kuti tidzatsegule akadzakwanitsa zaka 21, poti paja amati vinyo akamakalamba m'pamene amakoma. Ndikulakwitsa pati?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi mbali imene ingakukhumudwitseni pang'ono: mabotolo awiri amene mukusungira mwanawo, imwani chaka chino chisanathe. Sadzafika nawo pa zaka 21 ali ndi kanthu.

Mawu aja akuti vinyo wakale ndiye wokoma ali ndi choonadi, koma amanena za vinyo wochepa kwambiri. Wambiri amene mumamuona atandandalikidwa pa mashelefu a golosale anapangidwa kuti akome tsiku lomwe mwamugulalo. Wopanga anamusefa, anamufewetsa, anaonetsetsa kuti fungo la zipatso likumveka mukangotsegula. Fungo limenelo ndilo chuma chake chonse, ndipo limayamba kuzilala akangolowa m'botolo. Woyera ndi wapinki amakhala pabwino m'chaka choyamba kapena chachiwiri. Wofiira wamba atha kufika zaka zitatu, mwina zinayi ngati anasungidwa mosamala. Mukamusunga zaka khumi sadzasanduka poizoni, ayi. Mtundu wake udzatuwa n'kukhala ngati njerwa yootcha, fungo la zipatso lidzachoka, ndipo m'kamwa mudzangomva madzi owawasa opanda moyo.

Chimene chimapirira zaka m'vinyo ndi zinthu zingapo zimene zimamuteteza: asidi, shuga, mphamvu ya mowa, ndi chinthu china chotchedwa tanini. Tanini ameneyu mumamudziwa kale. Mukasiya masamba a tiyi m'madzi otentha nthawi yaitali n'kumwa osathira kanthu, lilime limauma ndipo nkhama zimachita ngati zamangika. Ameneyo ndiye tanini. M'vinyo amachokera m'makoko ndi m'njere za mphesa, komanso m'migolo ya mtengo wa oak imene vinyo amakhalamo asanathiridwe m'mabotolo. Vinyo wopangidwira kusunga, monga wina wa mphesa za Cabernet Sauvignon wa ku Bordeaux ku France, kapena Barolo wa ku Italy, amakhala ndi tanini wambiri moti akadali mwana sakoma, amakanda pakhosi. Ku Barolo lamulo limachita kukaniza kugulitsa vinyoyo asanathe miyezi 38. Zaka zikamapita tanini uja amafewa, ndipo pamatuluka fungo lina lomwe kale panalibe. Vinyo wa mtengo wotsika anamuchotseratu ukali umenewo dala, kuti inu musadikire. Choncho alibe chimene zaka zingafewetse.

Tsopano za botolo lachitatu lija. Fungo la jamu wopserera ndi chizindikiro choti vinyo waphikika, ndipo wamuphika ndi malo amene munamuikawo. Pamwamba pa firiji pamaoneka ngati pamalo abwino chifukwa mpatali ndi ana, komanso maganizo amatiuza kuti pafupi ndi chinthu chozizira payenera kuzizira. Gwiranipo ndi dzanja masana muone. Firiji imaziziritsa m'kati mwake potulutsira kutentha kunja, chakumbuyo, ndipo mpweya wotenthawo umakwera n'kudutsa pamabotolo anu usana ndi usiku. Onjezanipo moto wophikira, komanso kunjenjemera kwa injini yake nthawi iliyonse ikayaka. M'nyumba yonse, malo oipa kuposa pamenepo mwina ndi pawindo pokha.

Vinyo amakonda kuzizira kwa madigiri 12 mpaka 14 pa muyeso wa Celsius, kofanana ndi kwa zipinda zapansi pa nthaka zimene opanga vinyo akhala akusungiramo kwa zaka mazana. Simukuyenera kufika pamenepo ndendende. Pamadigiri osapitirira 20, botolo likhala bwino miyezi yambiri. Mukadutsa 25 limakalamba mothamanga. Mukafika cha m'ma 30 kwa masiku angapo, vinyo amayamba kuphikika, ndipo zikatero palibe chobweza, ngakhale mutamuika m'firiji mwezi wathunthu. Choipa china n'kusinthasintha, kutentha masana kuzizira usiku. Vinyo akatenthedwa amafufuma n'kukankha chitsekero, akazizira amabwerera n'kukoka mpweya wakunja. Botolo limakhala ngati likupuma, ndipo kupuma kulikonse kukulowetsa mpweya umene umamuwononga.

Ine ndemwe zinandionekerapo. Ndinagula katoni ya mabotolo 12 m'mawa, n'kuisiya m'buti ya galimoto tsiku lonse padzuwa ndikuyenda zina. Madzulo ndikutsitsa, ndinapeza mabotolo anayi ali ndi kamzere kofiira komata kotsika m'khosi, ndipo limodzi chitsekero chinali chitatukuka moti kachitsulo kopyapyala kokuta pakamwa kanatumba ngati chithupsa. Amene sanadonthe nawonso sanapulumuke, onse ankamveka ngati zipatso zophikidwa mopitirira. Chiyambire tsiku limenelo, vinyo ndimagula pomaliza penipeni pa ulendo, ndipo amakhala pansi pa mpando, osati m'buti.

Pali vinyo mmodzi amene kutentha sikumuopsa, ndipo ndimutchule pano chifukwa tibwererako. Pa chilumba cha Madeira, cha dziko la Portugal, amatenthetsa vinyo wawo dala, wina m'matanki kwa miyezi itatu pamadigiri oyandikira 50, wina m'migolo yoikidwa m'zipinda zofunda kwa zaka. Anatulukira zimenezi ataona kuti migolo imene inkayenda pa zombo kudutsa m'nyanja zotentha inkabwerako ili ndi kakomedwe kena kosangalatsa. Koma ameneyo amathiramo mowa waukali womulimbitsa. Wanu uja alibe chitetezo chotero.

Ndiye muike pati? Funani malo amdima, apansi, chapakati pa nyumba, kutali ndi khoma limene limawombedwa ndi dzuwa komanso kutali ndi denga. Pansi pa kabati ya zovala mpabwino kwambiri, kunsi kwa bedi nakonso. Asiyeni m'katoni yawo, chifukwa katoni imatchinga kuwala ndipo imachedwetsa kusintha kwa kutentha. Botolo la chitsekero cha khungwa, chija amati cork, muligoneke cham'mbali ngati likhala miyezi yambiri, kuti vinyo azikhudza khungwalo lisaume n'kunyala. La chitsekero chachitsulo chopotokola liimikeni kapena ligonekeni, zonse n'chimodzimodzi. Ngati nyumba yanu imatentha paliponse m'nyengo yotentha, musaope kuika mabotolo m'firiji momwemo, ngakhale ofiira. Mabuku amati firiji imaumitsa khungwa, ndipo n'zoona mukasiya chaka kapena kuposerapo, koma kwa miyezi iwiri itatu kuzizira kopitirira n'kwabwino kusiyana ndi kutentha. Chokhacho musamuiwale mufiriza. Vinyo akaundana amafufuma, amakankha chitsekero, nthawi zina botolo limasweka.

Botolo lachiwiri, lomwe linasasa, vuto lake ndi lina: mpweya. Mukangochotsa chitsekero, okosijeni amayamba kugwira ntchito pa vinyo. Ola loyamba amamuthandiza, fungo limatseguka. Pakapita masiku amamufooketsa, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso timene timadalira mpweya timayamba kusandutsa mowa kukhala viniga. Louis Pasteur wa ku France ndiye anaonetsa m'zaka za m'ma 1860 kuti kusasa kwa vinyo ndi ntchito ya tizilomboti. Sabata yathunthu, botolo lili theka, pamalo ofunda, zimenezo zinali zosapeweka.

Mankhwala ake ndi osavuta. Mukathira m'matambula, tsekani nthawi yomweyo, musadikire kuti mudzatseke pogona. Wotsalayo alowe m'firiji, kaya ndi woyera kaya ndi wofiira, chifukwa kuzizira kumachedwetsa zonsezi. Akhala bwino masiku atatu mpaka asanu. Wofiirayo mumutulutse theka la ola musanamwe kuti afunde pang'ono. Njira imene ndimaikhulupirira kuposa timapampu togulitsidwa tokokera mpweya m'botolo ndi iyi: sungani kabotolo kakang'ono koyera bwino ka chitsekero chopotokola. Mukadziwa kuti mumwa theka lokha, thirani theka linalo m'kabotoloko mukangotsegula, kadzaze mpaka m'khosi, tsekani, ikani m'firiji. Mulibe malo a mpweya, ndipo vinyoyo atha kufika sabata ali bwinobwino. Vinyo wathovu amafuna chitsekero chake chogwira mwamphamvu, ndipo masiku awiri ndiwo malire. Zoika supuni pakamwa pa botolo kuti thovu lisathawe ndi nthano chabe.

Tibwerere m'golosale, chifukwa mabotolo ambiri amawonongeka musanawagule. Sitolo imene imagulitsa sopo, buledi ndi vinyo pamodzi siisamala vinyo mwapadera. Choncho musanayang'ane dzina, yang'anani pamene botolo laima. La pawindo lisiyeni. La pashelefu yapamwamba pansi penipeni pa getsi lisiyeni. La pafupi ndi uvuni wa buledi kapena kumbuyo kwa mafiriji a zakumwa, chimodzimodzi. Pisani dzanja mutenge la kumbuyo kwa mzere, kumene kuli mdima, kapena pemphani wogulitsa akutengereni lomwe likadali m'katoni. Likhudzeni patsaya: ngati likufunda, libwezeni. Fumbi lambiri paphewa la botolo la mtengo wotsika limangokuuzani kuti lakhalitsa pamenepo.

Kuwala kumawononga mofulumira kuposa mmene anthu amaganizira. M'vinyo muli vitamini B2 pang'ono, ndipo kuwala kukamugunda amayambitsa kusintha kumene kumatulutsa fungo ngati la kabichi wowiritsa kapena ubweya wonyowa. Galasi lobiriwira limatchinga pang'ono, labulauni limatchinga kwambiri, loyera mbee silitchinga kwenikweni. Tsoka ilo, vinyo wapinki ndi woyera, amene sachedwa kuwonongeka, ndi amene amaikidwa m'mabotolo oyera kuti mtundu wake ukope maso.

Kenako onani chaka. Chaka cholembedwa pa botolo ndi chimene mphesa zinakololedwa, osati chimene vinyo anathiridwa m'botolo. Pa vinyo wa m'golosale, makamaka woyera monga Sauvignon Blanc ndi wapinki yense, tengani wa chaka chaposachedwa. Kumbukiraninso kuti maiko a kum'mwera kwa dziko lapansi, monga South Africa, Chile, Argentina, Australia ndi New Zealand, amakolola cha mu February mpaka April, pamene France, Italy ndi Spain amakolola cha mu August mpaka October. Mabotolo awiri a chaka chimodzi, wa ku Chile ndi wamkulu ndi miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi poyerekeza ndi wa ku Italy. Apa ndi pamene ndikukayikira kutsitsa mtengo kuja. Nthawi zina sitolo imatsitsa chifukwa yagula wambiri, ndipo umenewo ndi mwayi wanu. Nthawi zina imatsitsa chifukwa vinyo wakhalitsa ndipo wa chaka chatsopano wafika. Mukaona mtengo wagwa, gulani botolo limodzi, kalaweni madzulo omwewo, likakhala bwino mubwerere mawa kukatenga ena.

Zolembedwa zina pa botolo n'chikomekome cha mkuyu. Botolo lolemera, dzenje lakuya kunsi kwake, timamendulo tagolide tomatidwa paphewa, zonsezi sizikuuzani kanthu za zimene zili m'kati. Mipikisano yambiri ya vinyo opanga amalipira kuti alowe nawo, ndipo mamendulo amaperekedwa ochuluka. Mawu akuti Reserve m'maiko ambiri alibe lamulo lililonse kumbuyo kwake, aliyense atha kulemba. Ku Spain n'kosiyana: vinyo wofiira wa ku Rioja wolembedwa Reserva ayenera kukhala zaka zitatu asanagulitsidwe, chimodzi mwa izo ali mu mgolo, ndipo Gran Reserva zaka zisanu. Vinyo wa ku South Africa wotsimikiziridwa amakhala ndi kachidindo pakhosi kosonyeza kuti dera, chaka ndi mtundu wa mphesa zolembedwazo ndi zoona, malinga ndi dongosolo la Wine of Origin limene linayamba mu 1973. Zoterezi ndi zimene zili ndi tanthauzo. Pa vinyo wathovu pali kamsampha kena: Brut ndiye wa shuga wochepa, pamene Extra Dry, ngakhale dzina likumveka ngati wouma kwambiri, amatsekemerako kuposa Brut.

Musanyoze chitsekero chachitsulo. Kale anthu ankachiona ngati chizindikiro cha vinyo wachabechabe, koma mu 2000 opanga vinyo wa Riesling a ku Clare Valley ku Australia anagwirizana kusiya khungwa, ndipo chaka chotsatira a ku New Zealand anatsatira. Chinawatopetsa ndi vuto limene khungwa limabweretsa nthawi zina. Khungwalo limasendedwa ku mtengo wina wa oak, makamaka ku Portugal, kamodzi pa zaka 9 zilizonse, ndipo lina limakhala ndi kachinthu kotchedwa TCA kamene kamapatsa vinyo fungo la katoni yonyowa kapena chipinda chachinyezi chotsekedwa. Mukakumana ndi botolo lotero, si inu mwalakwitsa, ndipo kusunga bwino sikukanathandiza. Litsekeni, tengani lisiti, mukalibweze. Koma mukaona timiyala tonyezimira ngati shuga kapena magalasi osweka kunsi kwa chitsekero kapena pansi pa botolo, musataye vinyo. Ndi mchere wa asidi wa m'mphesa umene umaundana vinyo akazizira kwambiri, ndipo suvulaza. Mawu olembedwa pa botolo onena za sulphites nawonso asakuopseni, pokhapokha ngati dokotala anakuuzani kuti thupi lanu silimvana nawo, monga zimakhalira ndi ena odwala mphumu. Ndi mankhwala oteteza vinyo ku mpweya ndi tizilombo, ndipo amapezekanso m'zipatso zouma zambiri zogulitsidwa m'mapaketi.

Poti mwanena kuti mumamwa theka n'kusiya, ganiziraniponso za vinyo wa m'bokosi. Anayambitsa ndi Thomas Angove wa ku South Australia mu 1965. M'kati muli thumba limene limafota vinyo akamatuluka, choncho mpweya sulowa, ndipo mukatsegula atha kukhala sabata zinayi kapena kuposerapo, makamaka m'firiji. Bokosi la malita atatu ndi lofanana ndi mabotolo anayi a mamililita 750. Chodabwitsa n'chakuti losatsegula silikhalitsa ngati botolo, chifukwa thumbalo limalowetsa mpweya pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mabokosi ambiri amakhala ndi deti. Liwerengeni, ndipo musagule bokosi loti musunge. Vuto lake lina ndi la ife anthu: botolo limaoneka pamene lafika, bokosi silioneka, ndiye dzanja limapita ku kampopi kaja kawirikawiri kuposa mmene munthu akudziwira.

Nanga tsiku lalikulu la mwana lija? Maganizo anu ndi abwino, vinyo yekha ndiye wolakwika. Njira yosavuta ndi kusunga ndalama m'malo mwa botolo, n'kudzagula chakacho chikafika ku sitolo yogulitsa vinyo yekhayekha, kumene ena anakusungirani m'chipinda chozizira. Ngati mtima wanu uli pa kusunga nokha, kuti mudzamuuze kuti botolo ili lakhala likukudikira, sankhani vinyo wolimbitsidwa ndi mowa waukali. Madeira uja ndiye wosaopa kanthu: anatenthedwa kale, anakumana kale ndi mpweya, ndipo zaka khumi m'kabati kwa iye si nkhani. Ameneyu amasungidwa choimirira. Vinyo wina wa ku Portugal wotchedwa Port, wolembedwa Vintage, amene mphamvu yake imakhala pafupifupi 20 peresenti, nayenso amapangidwira kudikira zaka makumi, koma amafuna malo ozizira ndipo agonekedwe. Mukafuna wofiira wa pa tebulo, wosathiridwa mowa waukali, muyenera kulipira zambiri ndithu, kufunsa wogulitsa wodziwa kuti akupatseni wopangidwira kusunga, ndi kukhala ndi malo osadutsa madigiri 18 chaka chonse. Ndipo musagule botolo limodzi. Gulani atatu kapena anayi, muzitsegula limodzi pakapita zaka zitatu zilizonse kuti muzimva kumene akulowera. Mukamva kuti wayamba kutsika, imwani otsalawo, mwanayo mudzamugulire wina.

Mabotolo atatu ali pafirijiwo, atsitseni lero. Yendetsani chala pakamwa pa lililonse mumve ngati chitsekero chatukuka kapena pali pomata, kenako muwaunike pa getsi muone ngati vinyo watsika kufika chapaphewa. Limene likuonetsa zizindikirozi mutsegule loyamba. Ngati langofooka chabe, lithireni mumphika pophika, lidzagwira ntchito. Ngati likununkha viniga kapena mankhwala ochotsera utoto wa zikhadabo, litayeni. Ena awiriwo alowe m'katoni pansi pa kabati, kapena m'firiji ngati kukutentha, ndipo mulembe pakatonipo ndi cholembera mwezi umene mudzawatsegule, usapitirire miyezi itatu kuchokera pano.